Kusandutsa mabotolo otayidwa kukhala chomangira: malangizo kwa amisiri a ku Kasungu

Kuseri kwa malo omwera mowa pa Kasungu boma, pa Chinkhoma ngakhalenso pa Santhe pamakhala milu ya mabotolo imene palibe amene amaifuna. Mabotolo a mowa wa m'makireti ndi a zakumwa zoziziritsa kukhosi amabwerera kumene anachokera chifukwa ali ndi mtengo, koma a vinyo, a mowa waukali ndi a mayonezi amathera kudzala, kumene amasweka n'kumacheka ana kumapazi. Galasi lotereli likaperedwa mpaka kusalala ngati ufa woyera, n'kulisakaniza ndi dongo lowotcha komanso madzi a soda wopangira sopo, limauma n'kugwira mchenga monga imachitira simenti. Ndinenetu poyambirira kuti galasi ndi soda pazokha zimapereka buloko looneka lolimba limene limafewa likakhalitsa m'madzi, ndipo malangizo onsewa akuzungulira pa kuthetsa vuto limeneli. Amene akufuna kuumba lero n'kukagulitsa mawa ayambe wawerenga mpaka pa gawo loyesa m'madzi.

Chifukwa chovutikira ndi ntchitoyi chili m'kapangidwe ka simenti wamba. Fakitale iliyonse yopanga simenti kuchokera ku miyala, monga ya Shayona Cement imene ili m'boma lathu lino, imawotcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo pa moto wofika madigiri 1450. Mwala wa laimu ukapsa umatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo malasha owotchera amatulutsanso mpweya womwewo, kotero kuti ntchito yopanga simenti imapereka pafupifupi magawo 8 pa 100 a mpweya wonse wotere umene anthu amautulutsa padziko lapansi. Mbali inayi, malamulo a 2018 a bungwe la National Construction Industry Council analetsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, zimene zinachititsa kuti mabuloko a simenti afunike kwambiri. Botolo ndi chinthu chimene chinadutsa kale pamoto wa madigiri pafupifupi 1500 pamene linkapangidwa. Moto umenewo unalipiridwa kale, ndipo ntchito yathu ndi kungoudzutsa.

Njira yodzutsira ufa wa miyala ndi mankhwala a alkali si yatsopano. Wasayansi Victor Glukhovsky anaifufuza ku Kyiv, m'dziko la Ukraine, m'zaka za m'ma 1950 pogwiritsa ntchito zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo Joseph Davidovits wa ku France ndiye anapatsa zomangira zotere dzina lakuti geopolymer chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuti mumvetse chimene chimachitika, ganizirani chidulo. Mayi akathira chidulo mu therere kapena m'chigwada, masamba olimba aja amafewa msanga chifukwa madzi a phulusa ndi alkali. Soda wopangira sopo, amene dzina lake la sayansi ndi sodium hydroxide, ndi alkali wamphamvu kutalitali kuposa chidulo, moti amatha kudya khungu la kachidutswa kalikonse ka galasi n'kusungunula silica yake, chinthu chachikulu chimene chimapanga galasi ndi mchenga. Silica yosungunukayo ikakumana ndi alumina (imene imapezeka kwambiri m'dongo) kapena calcium (imene imapezeka mu laimu), imalumikizananso n'kupanga chomatira cholimba chimene chimagwira mchenga. Galasi la mabotolo lili ndi silica yopitirira pang'ono magawo 70 pa 100, sodium oxide wokwana magawo 13 kapena 14, calcium oxide wa magawo pafupifupi 10, koma alumina ndi magawo 1 kapena 2 okha. Kuchepa kwa alumina ndiko gwero la kufewa m'madzi kuja, pakuti silica ndi sodium pazokha zimapanga chomatira chimene madzi amachisungunulanso. Chidulo chenichenicho musachiyese pa ntchitoyi, n'chofooka kwambiri.

Choyamba, konzekerani kudziteteza musanagule kanthu kena kalikonse. Soda ameneyu amawotcha khungu mwakachetechete: poyamba pamangoterera ngati pali sopo, kenako pamatuluka bala lozama, ndipo dontho limodzi lolowa m'diso likhoza kuchititsa khungu. Mufunika magolovesi a labala aatali, mandala otseka mbali zonse za maso, magambuti, ovolosi ya manja aatali, ndi masiki yotchinga fumbi ya mtundu wa N95 pa nthawi yopera. Pafupi ndi pogwirira ntchito pakhale ndowa yodzaza madzi oyera imene palibe amene aziitunga pa ntchito ina. Soda akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako pitani kuchipatala. Ziwiya zonse zikhale za pulasitiki yolimba, monga zigubu za mafuta ophikira, kapena za chitsulo chosachita dzimbiri. Mapoto a aluminiyamu ndi ndowa zamalata zisayandikire n'komwe, chifukwa soda amazidya n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka.

Chachiwiri ndi kusankha ndi kutsuka galasi. Tengani mabotolo a zakumwa ndi a zakudya, a mtundu uliwonse, obiriwira, oderako kapena oyera, chifukwa mtundu susintha zambiri pa ntchito imeneyi. Zidutswa za magalasi a mawindo nazonso n'zoyenera. Musatenge machubu a magetsi aatali aja chifukwa muli mercury, magalasi a ma TV akale chifukwa muli mtovu, kalilole, galasi lakutsogolo kwa galimoto limene lili ndi pulasitiki pakati, mbale zadothi, ndiponso botolo lililonse limene munali mankhwala a mbewu. Viikani mabotolo m'madzi usiku wonse kuti mapepala amatuke, chotsani zitsekerero ndi timphete tonse ta aluminiyamu totsalira pakhosi, tsukani zotsalira za shuga ndi mafuta, kenako yanikani. Kamphete kamodzi ka aluminiyamu kakaperedwa pamodzi ndi galasi kamatulutsa mpweya m'kati mwa matope, ndipo buloko limatupa ngati chigumu.

Chachitatu, chimene ndi ntchito yolemetsa kuposa zonse, ndi kupera. Yambani ndi kuswa mabotolo m'thumba lochindikala kapena mumtondo wachitsulo wovindikira, mutawaza madzi pang'ono kuti tizidutswa tisauluke, mpaka afike kukula kwa mphale. Kuchokera pamenepo pamafunika mgolo woperera. Owotcherera zitsulo angathe kuupanga ndi paipi yochindikala, yotseka mbali zonse, yokhala ndi chitseko chomanga ndi mabawuti, yogona pa mabering'i ndi yozunguzidwa ndi mota. M'kati mumaikamo mipira yachitsulo ya kukula kosiyanasiyana, monga yochokera m'mabering'i akuluakulu otha ntchito, mpaka idzaze gawo limodzi mwa magawo atatu a mgolowo. Liwiro lake n'lofunika kulisamala: mgolo wa masentimita 40 m'mimba mwake uzungulire maulendo 45 mpaka 50 pa mphindi, kuti mipira izikwera n'kugwera pagalasi. Ukathamanga kufika maulendo pafupifupi 67, mipira imangomatirira kukhoma n'kumazungulira osapera kanthu. Chigayo cha chimanga musachigwiritse ntchito ngakhale mwini wake atalola, pakuti ufa wa galasi wotsalira m'chigayomo udzalowa mu mgaiwa wa anthu ena.

Ufa woyenera ndi umene tizidutswa take sitiposa ma micron 75, ndipo ukasalala kufika pa 45 umagwira bwino koposa. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita. Chifukwa chake n'chakuti soda amangodya pakhungu pa kachidutswa, kotero kuti ufa wosalala umamupatsa malo ambiri oti adye. Tizidutswa tatikulu ngati mchenga sitingokhala chabe osathandiza, timawononganso: timapitiriza kulimbana ndi alkali pang'onopang'ono buloko litauma kale, n'kupanga zinthu zotupa zimene zimang'amba buloko patapita miyezi, vuto limene Thomas Stanton analifotokoza mu konkire ku California mu 1940. Sefa yosefera ufa wa nsima ili ndi maso aakulu kwambiri. Ngati mulibe sefa ya labotale ya nambala 200, gwiritsani ntchito madzi. Thirani ufa m'ndowa imene muli madzi ozama masentimita 30, vundulani kwambiri, dikirani mphindi imodzi yathunthu, kenako tsanulirani madzi otuwawo m'ndowa ina mosamala. Kachidutswa ka galasi ka ma micron 75 kamamira pafupifupi mamilimita 5 pa sekondi, ndiye pakutha pa mphindi imodzi zonse zazikulu zimakhala zitafika pansi. Zotsalira pansizo zibwerere mumgolo. Madzi otuwa aja akhale usiku wonse, m'mawa muwakhuthule, ndipo phala lapansilo muliyanike mpaka liume gwa. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imachepetsanso fumbi.

Chachinayi ndi kupeza alumina, ndipo pano ndi pamene mmisiri wa ku Kasungu ayenera kuganiza mosiyana ndi zimene amachita anzathu akunja. Kumaiko ena amasakaniza galasi ndi zotsalira za m'ng'anjo za chitsulo kapena phulusa louluka la m'malo opangira magetsi a malasha. Kuno ng'anjo zotere kulibe. Chimene tili nacho ndi dongo. Dongo laiwisi siligwira ndi soda, koma likawotchedwa pa madigiri 650 mpaka 800, madzi omangika m'kati mwake amachoka, dongosolo lake limasokonekera, ndipo alumina yake imamasuka. Dongo loyera la kaolin, longa limene limapezeka ku Linthipe m'boma la Dedza, likawotchedwa motero limasanduka metakaolin, amene ndiye wabwino koposa. Amene sangalipeze atole zibenthu za njerwa zofiira zimene zimangotayidwa pa uvuni uliwonse, ngakhalenso mapale a miphika ndi mitsuko, n'kuzipera mumgolo womwe uja mpaka zisalale ngati galasi lija. Sankhani zopsa bwino zofiira. Zakuda zonyezimira za pafupi ndi khomo la moto zinapsereratu ndipo alumina yake inamangikanso, pamene zotuwa za m'mphepete mwa uvuni sizinapse mokwanira. Ufa wa njerwa ndi wofooka poyerekeza ndi metakaolin, koma ndi waulere, ndipo sufuna kudula mtengo wina. Musawotche uvuni watsopano kuti mupeze zibenthu, chifukwa mukatero phindu lonse la ntchitoyi lapita ndi utsi.

Ena amafunsa za phulusa la mankhusu a mpunga wa ku Nkhotakota. Phulusa limeneli ndi silica pafupifupi lonse, ndiye likungowonjezera chimene galasi lili nacho kale chochuluka. Chothandiza china ndi laimu wopaka nyumba, amene amabweretsa calcium. Magawo 5 mpaka 10 pa 100 a ufa wonse amathandiza kuti matope agwire msanga ndi kupirira madzi, koma mukapyola pamenepo matope amalimba muli m'kati mosakaniza. Laimu wothira m'munda ndi mwala wopera chabe wosawotcha, ndipo sagwira ntchito imeneyi.

Chachisanu ndi kukonza madzi a soda, ndipo muwakonze dzulo lake kuti azizire. Mphamvu yake imayezedwa ndi sikelo, osati ndi supuni. Magalamu 40 a soda mu lita imodzi ndiwo muyeso umene akatswiri amautcha 1 M, choncho magalamu 160 ndi 4 M, magalamu 240 ndi 6 M, ndipo magalamu 320 ndi 8 M. Kuti mupange lita imodzi ya 6 M, thirani madzi ozizira okwana mamililita 800 m'chigubu chotsekula kukamwa, muli panja podutsa mphepo, kenako muzithira soda pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi ndodo ya pulasitiki kapena mtengo. Nthawi zonse soda ndiye amapita m'madzi. Mukathira madzi pa mulu wa soda, amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso. Madziwo amatentha okha mpaka pafupifupi kuwira, choncho musafulumire. Akazizira, onjezani madzi mpaka afike pa mzere wa lita imodzi, tsekani zolimba chifukwa soda amayamwa mpweya n'kufooka, lembani chizindikiro chachikulu, ndipo muike pokhoma. Madzi amenewa amaoneka ngati akumwa. Kuwasunga m'botolo la zakumwa pakhomo pamene pali ana n'kuitana maliro.

Poyamba konzani mphamvu zitatu zonsezi, 4 M, 6 M ndi 8 M, popeza dongo la pa Chulu silifanana ndi la pa Mtunthama, ndipo palibe amene angakuuzeni muyeso wa dongo lanu asanaliyese. Kuchulutsa soda sikutanthauza kuchulutsa mphamvu. Galasi lili kale ndi sodium wake, ndiye soda wopitirira muyeso amangotsalira m'buloko, kenako n'kutulukira kunja ngati mchere woyera. Pali njira ina yowonjezera mphamvu imene amaphika magalamu 100 mpaka 200 a ufa wa galasi mu lita ya madzi a soda pa madigiri 80 kwa maola angapo, kuti silica iyambe yasungunuka isanafike m'matope, zimene zimalowa m'malo mwa sodium silicate wogula, amene ndi silica yosungunula kale mu soda. Imathandizadi, koma soda wotentha pamoto ndi woopsa kawiri, ndipo malangizo anga ndi akuti muisiye mpaka manja anu atazolowera.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kusakaniza. Muyeso woyambira nawo ndi uwu: magalamu 700 a ufa wa galasi, magalamu 300 a ufa wa dongo lowotcha, makilogalamu 2.5 a mchenga wa kumtsinje wotsuka ndi wouma, ndi mamililita 400 mpaka 450 a madzi a soda. Umenewu ndi poyambira chabe. Pangani msakanizo wina wa 600 ndi 400, wina wa 500 ndi 500, winanso wokhala ndi magalamu 50 a laimu m'malo mwa magalamu 50 a galasi, ndiponso umodzi wa galasi lokhalokha, umene ntchito yake ndi kukuonetsani ndi maso anu chimene madzi amachita. Sakanizani maufa awiriwo ali ouma mpaka mtundu ukhale umodzi, thirani madzi a soda, takasani kwa mphindi 5 kuti ufa wonse unyowe, ndipo mchenga ubwere pomalizira. Matope ake ndi onanda, amakakamira ku mpeni womangira kuposa a simenti, ndipo mmisiri aliyense dzanja limamuyabwa kuti awaze madzi. Musatero. M'simenti madzi amalowa m'thupi la chomatira, koma muno ntchito yawo yaikulu ndi kunyamula soda, ndipo owonjezera aliwonse amafooketsa sodayo n'kusiya timabowo akauma. Mchenga wonyowa umachitanso chimodzimodzi mobisa. Ngati matope auma kwambiri, makamaka pamene dongo lachuluka, onjezani madzi a soda omwewo pang'ono, ndipo mulembe kuchuluka kwake.

Zikombole zoyesera zikhale za mamilimita 50 mbali zonse, za pulasitiki, zachitsulo zopaka oyilo, kapena zamatabwa zoyala pepala la pulasitiki m'kati. Thirani matope theka, tsinderani ndi kandodo, dzazani, tsinderaninso, kenako gogodani chikombole patebulo mpaka thovu lisiye kutuluka. Pa msakanizo uliwonse umbani timabuloko tosachepera 6, kuti titatu tidzayesedwe touma ndipo titatu tidzayesedwe titaviikidwa.

Chachisanu ndi chiwiri ndi kuumitsa, pamene chizolowezi cha simenti chimasocheretsa anthu ambiri. Buloko la simenti timalithirira m'mawa ndi madzulo. La galasili mukalithirira, mukutsuka soda asanamalize ntchito yake. Chimene limafuna ndi kutentha pamodzi ndi chinyontho chake chomwe, choncho mukangomaliza kuumba kulungani chikombole chonse m'pulasitiki mosasiya mpata. Galasi limachedwa kugwira pa kutentha kwa m'nyumba, moti pakhoza kutha masiku angapo matope akadali ofewa, makamaka mu June ndi July pamene Kasungu amazizira. Kutentha koyenera ndi madigiri 60 mpaka 80 kwa maola 24 kapena 48. Popanda uvuni ya magetsi, khomani bokosi lamatabwa, lipakeni utoto wakuda m'kati, livindikireni ndi galasi la windo kapena pulasitiki yoonekera, n'kuliika padzuwa. M'miyezi ya September, October ndi November bokosi lotere limatentha mokwanira masana, koma popeza usiku limazizira, timabuloko tikhalemo masiku 5 mpaka 7. Gulani thermometer kuti musamangoganizira. Alimi a fodya wowotcha amadziwa kuti balani limafika madigiri 70 pa nthawi youmitsa mitsitsi ya masamba, ndipo kutentha kotsalira fodya atatulutsidwa kukhoza kuthandiza, koma kusonkha nkhuni m'balani chifukwa cha mabuloko okha n'kubwerera ku vuto lomwe tikulithawa. Kutentha kukafika madigiri 100, kapena pulasitiki ikabooka, madzi amathawa mofulumira ndipo pamwamba pamachita ming'alu. Mukatulutsa m'bokosi, chotsani m'zikombole, kulunganinso, ndipo musunge pamthunzi mpaka tsiku la 28.

Chachisanu ndi chitatu ndi kuyesa, ndipo muyambe ndi madzi chifukwa safuna ndalama. Yezani kabuloko kalikonse pasikelo, kaviikeni m'madzi oyera kwa masiku 7, msakanizo uliwonse m'chitini chakechake cha pulasitiki. Tsiku lililonse yang'anani ngati madzi achita mbuu, ngati ngodya zayamba kunyenyeka, ndiponso ngati msomali ukulowa mukakanda. Ka galasi lokhalokha kaja kawirikawiri kamaterera, kamafewa, mwinanso kuphwasuka kumene, ngakhale kanali kolira ngati mwala kali kouma. Msakanizo umene watuluka m'madzi ngodya zake zili zakuthwa ndiwo woyenera kupitiriza nawo. Muuyesenso poimika kabuloko m'mbale ya madzi ofika sentimita imodzi kwa sabata, kuti madzi azikwera okha monga amachitira m'khoma nthawi ya dzinja. Pakamera ufa woyera wonga ndevu, ameneyo ndi soda wotsalira amene wakumana ndi mpweya, ndipo akukuuzani kuti muchepetse mphamvu ya soda, muwonjezere dongo, kapena mutalikitse masiku a m'bokosi.

Mphamvu yeniyeni imayezedwa ndi makina opsinja. Zipangizo zotere zimapezeka m'malabotale a zomangamanga, monga a Malawi Bureau of Standards ndi a sukulu ya MUBAS ku Blantyre, ndipo ndi bwino kufunsiratu mtengo ndi kukula kwa timabuloko timene amalandira musanaumbe. Kuwerengera kwake n'kosavuta: nkhope ya kabuloko ka mamilimita 50 ndi masikweya milimita 2500, ndiye kakasweka pa 25 kN, kumene ndi kulemera kwa matani pafupifupi 2.5, mphamvu yake ndi 10 MPa (muyeso wa mphamvu yopirira kupsinjika). Nambala yofunika kwambiri si ya kouma ayi, koma kusiyana kwa kouma ndi konyowa. Msakanizo umene wataya theka la mphamvu zake utaviikidwa sungapirire mvula ya January, ngakhale nambala yake youma itakhala yosiririka. Umbaninso timabuloko ta simenti wamba ndi mchenga womwewo kuti mukhale ndi poyerekezera.

Zolakwika zambiri zimadziulula zokha. Buloko losagwira n'komwe limaloza ku ufa wokhakhala, soda wofooka chifukwa chosatseka, kapena kuzizira. Lotupa ndi la timabowo tambiri limaloza ku aluminiyamu. Long'ambika pamwamba linauma mofulumira kapena mchenga unachepa. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndipo mulembe m'kope tsiku, kumene dongo linachokera, maola opera, miyeso yonse ndi kutentha kwa bokosi, apo ayi simudzadziwa chimene chinakonza kapena kuwononga.

Msakanizo ukapambana mayeso onsewa, yambani ndi zinthu zimene zikalephera sizipweteka munthu: timabuloko toyala pabwalo, miyala ya m'mphepete mwa njira ndi ya maluwa, ndi matailosi a pakhonde. Ziyaleni pakhomo panu, zione dzinja lathunthu ndi chilimwe chathunthu musanagulitse kwa wina. Musaumbire lintala, mizati, maziko a nyumba kapena silabu ya chimbudzi, ndiponso musapangire thanki ya madzi akumwa kapena chomwera ziweto, chifukwa soda wotsalira amatuluka pang'onopang'ono. Amene waona kuti ntchito ya soda yamukulira asataye ufa wake: ufa wosalala womwewo ukhoza kulowa m'malo mwa magawo 10 mpaka 20 pa 100 a simenti wamba m'matope kapena m'konkire, kumene umagwirizana ndi laimu amene simenti imatulutsa ikamauma. Njira imeneyi ndi yodziwika bwino moti bungwe loika miyeso ya zipangizo la ASTM ku America linaikhazikitsira muyeso wake, C1866, mu 2020. Apo buloko limathiriridwa monga mwa nthawi zonse, ndipo mphamvu yake imakwera mochedwerapo.

Madzi otsukira ziwiya ndi oviikamo timabuloko musawataye m'munda, m'ngalande kapena kufupi ndi chitsime. Asungeni mumgolo wa pulasitiki wovindikira, zolimba zikhale pansi, ndipo madzi apamwamba muziwagwiritsanso ntchito potsuka ziwiya ulendo wotsatira.

Musanakulitse ntchito, khalani pansi ndi cholembera. Kuti mupeze makilogalamu 50 a ufa womangira, ofanana ndi thumba limodzi la simenti, pa muyeso wa 700 ndi 300 mufunika makilogalamu 35 a galasi, amene ndi mabotolo a vinyo 70 kapena 80 popeza lililonse limalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndi makilogalamu 15 a ufa wa njerwa. Mufunikanso malita 20 a madzi a soda, amene pa 6 M akudya makilogalamu 4.8 a soda, pamene pa 4 M akudya 3.2 ndipo pa 8 M akudya 6.4. Soda amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo naye amapangidwa ndi magetsi ambiri, choncho ndiye amene amalemetsa mtengo komanso amachepetsa phindu la ntchitoyi pa chilengedwe. Funsani mtengo wa thumba la makilogalamu 25 kwa ogulitsa zipangizo za sopo, osati wa timapaketi ta m'golosale, wonkhetsani ndi mayunitsi a ESCOM amene mgolo wadya komanso malipiro a otola ndi otsuka mabotolo, kenako muyerekeze ndi mtengo wa thumba la simenti pa hadiweya tsiku lomwelo. Ngati misakanizo iwiri yapirira madzi mofanana, tengani wa soda wochepa, ndipo ulendo wotsatira muyese kutsika ndi magalamu 40 pa lita uku mukuwonjezera ola limodzi lopera.